Makalata a Omvera: Anzanu a Maphunziro a pa Tchuthi

Zikomo kwambiri amayi a ku Chelstone, kalata yanu taiwerenga. Mwati muli Giredi 12 munkakwera minibasi m'mawa kupita ku Kabulonga kukaphunzira masamu ndi sayansi pa tchuthi cha Ogasiti, pokonzekera mayeso a Examinations Council of Zambia. Tsopano mukufuna kukumananso ndi anzanu amene munkaphunzira nawo, komanso makamaka aphunzitsi amene ankatsala nanu mpaka choko chitathera m'zala. Mwaganiza bwino, amayi. Akuluakulu anati mapiri okha ndiwo sakumana.

Yambani ndi mnzanu mmodzi amene mukudziwa kumene amakhala, kaya ku Kabwata kapena ku Woodlands. Iyeyo adziwa wina, winayo adziwanso wina, kenako tsegulani gulu la pa WhatsApp. Za aphunzitsi, pitani nokha ku ofesi ya ahedi pasukulu imene munkaphunzira pa tchuthi ija. Ngati anasamutsidwa kapena anapuma pantchito, siyani nambala yanu kuti awapatsire. Osakakamiza kuti akupatseni yawo, ulemu umenewo ndi wofunika.

Tsiku labwino lokumana ndi 5 Okutobala, tsiku lokumbukira aphunzitsi padziko lonse. Sankhani malo oti aliyense afike mosavuta, monga Kabwata Cultural Village. Musonkherane pang'ono, muwagulire aphunzitsiwo chitenje kapena malaya, muwalipirire thiransipoti. Koma choposa mphatso, aliyense aimirire anene kumene maphunziro aja anamufikitsa. Mphunzitsi amafesa osadziwa zimene zinamera.

Anzake a mayiwa, ngati mukumvera, lemberani kuno. Amayi, mukakumana mutiuze mmene zayendera.