Bizinesi yanu ingaoneke bwanji pa TV osalipira?

Anzanga a kalabu ya zamalonda, tamvani izi. Ku MBC, Zodiak, Times kapena Mibawa kuli makomo awiri. Loyamba ndi la otsatsa malonda, ndipo kumeneko mumalowa ndi ndalama. Lachiwiri ndi la atolankhani ndi okonza mapulogalamu. Limeneli ndi laulere, koma amafuna nkhani.

Mukalemba kuti, "Timagulitsa mabuliketi otchipa, bwerani mudzatijambule," akulozerani khomo loyamba lija basi. Koma tayesani chonchi: "Ophunzira a Fomu 3 akusandutsa mapepala akale ndi utuchi kukhala mabuliketi, ndipo amayi okazinga mandasi pamsika wathu asiya kugula makala." Apa pali anthu, pali vuto la kutha kwa mitengo, palinso chimene chasintha.

TV ndi maso. Wokonza pulogalamu akamawerenga uthenga wanu amadzifunsa kuti kamera ikajambula chiyani. Muuzeni: manja akukanya, mabuliketi ali padzuwa, mafuta akuwira pambaula. Tchulaninso amene akayankhule, makamaka kasitomala, chifukwa mwini malonda akamadzitama yekha palibe amakhulupirira.

Nkhani ngati imeneyi itumizeni mu Disembala, nyengo yobzala mitengo ikamayamba. Uthenga ukhale waufupi woti awerenge pafoni, wokhala ndi chithunzi chimodzi, malo, tsiku ndi nambala yanu. Osakokomeza ayi. Ngati makasitomala alipo 12, nenani 12, poti akabwera adzawafunsa okha. Pakatha masiku atatu ali zii, imbani kamodzi. Koma ahedi adziwe kaye kamera isanalowe pasukulu pano.