Mkonono si woseketsa: tiphunzire za makina a CPAP

Ambiri a ife timaseka munthu woliza mkonono. Koma kodi tikudziwa kuti ena mwa iwo amasiya kupuma ali m'tulo? Madokotala amatcha vutoli sleep apnea.

Chimachitika n'chiyani?

Munthu akagona, minofu ya pakhosi imafooka n'kutseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kambirimbiri usiku umodzi. Amadzuka mutu ukuwawa ndipo masana amangosinza. Kunenepa kwambiri ndi mowa zimakulitsa vutoli. Likalekereredwa lingayambitse kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima kapena sitiroko.

Chithandizo chilipo

Mu 1981 dokotala wa ku Australia, Colin Sullivan, anafalitsa za njira yotchedwa CPAP. Makina a magetsi amapopa mpweya kudzera m'paipi ndi masiki ya pamphuno kuti khosi lisatsekeke. Dokotala ndiye amayeza munthu ndi kusankha mphamvu ya mpweyawo.

Masiku oyamba ndi ovuta, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Tingamuthandize m'bale wathu pomukumbutsa izi:

• Ayambe kuvala masiki masana kuti azolowere.
• Azigona nayo usiku uliwonse, chifukwa akaleka vuto limabwerera.
• Aziitsuka tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi ofunda.
• Mphuno zikauma kapena mpweya ukamatulukira m'mbali, asasiye, koma abwerere kwa dokotala.

Tikambirane mu kalabu

1. N'chifukwa chiyani ena amachita manyazi ndi mkonono?
2. Tingawauze bwanji makolo mwaulemu kuti akayezetse?