Ndigulitse dimba kuti amuna anga aikidwe chigamba pamtima?

Azakhali,

Amuna anga ndi asodzi pa nyanja ya Chilwa. Chaka chatha anagwa padoko atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anati mtsempha wa magazi unatsekeka ndipo mbali ina ya mtima inafa. Lero sapalasanso bwato, akangoyenda pang'ono ali wefuwefu. Mwana wathu wa ku Johannesburg anatumiza kanema pa WhatsApp, madokotala akumata mnofu watsopano pamtima. Tsopano kwabwera mnyamata wogulitsa ufa wam'timapaketi, akuti ndi ma stem cell, maselo omwewo a m'kanemamo. Ndigulitse dimba lathu la mpunga? Alamu anga akuti ndikakana ndiye kuti ndikufuna mbale wawo afe.

Mayi wosweka mtima, kwa Kuntumanji

Achemwali,

Pepani ndi matenda. Koma dimbalo musagulitse.

Zimene munaona m'kanemamo si nthano. Mnofu wa mtima ukasowa magazi n'kufa, sumeranso ngati khungu. Pamatsala chipsera, ndipo chipsera sichipopa magazi. Wefuwefu uja akuchokera pamenepo. N'chifukwa chake akatswiri akuyesa kuchita zomwe bambowo amachita ukonde ukang'ambika, kuikapo chigamba. Mu 2020, gulu la dokotala Yoshiki Sawa ku Osaka, m'dziko la Japan, linamata pamtima wa munthu timapepala topyapyala ta maselo amoyo okulitsidwa mu labotale. Ku Göttingen, m'dziko la Germany, gulu la Wolfram-Hubertus Zimmermann linayamba kusokerera zigamba zotere pamitima ya odwala mu 2021. Koma amachita kutsegula chifuwa, ndipo wodwala amamwa mankhwala oletsa thupi kukana mnofu wachilendowo. Amene analandira ndi owerengeka, ndipo kuno kwathu palibe chipatala chimene chikuchita zimenezi.

Nanga ufa wa mnyamatayo ufika bwanji pamtima? Chomezedwa chimagayidwa m'mimba monga nsima. Zimandiwawa kuti anthu otere amasankha makomo amene muli mantha. Mukagulitsa dimba, njala ilowa m'nyumba mtimawo ukadali momwemo.

Mbali ya mtima imene idakali moyo ndiyo muisamale. Pitani nawo ku Zomba Central Hospital, ku kiliniki ya matenda a mtima, BP ndi shuga, buku lawo lakuchipatala lili m'manja. Mankhwala monga aspirin, enalapril ndi atorvastatin ndi amene madokotala amapereka kwa ambiri odwala chonchi, ndipo amatalikitsa moyo ngati amwedwa tsiku lililonse, ngakhale pamene munthu akupezako bwino. Mankhwalawo akatha, musadikire kuti bambowo agwenso. Fodya asiyiretu. Mchere muchepetse m'ndiwo, wapambali uja uchoke pamphasa. Miyendo ikatupa, kapena akamalephera kupuma atagona chagada, kapena chifuwa chikayambanso kupana, thamangani nawo tsiku lomwelo.

Alamu anu akuyankhula ndi mantha, osati nkhanza. Musakangane nawo. Tengani mmodzi wa iwo, amene mawu ake amamveka pabanjapo, akadzimvere yekha kwa dokotala. Paketi ya ufawo muinyamule, dokotala aione.

Palinso china chimene simunalembe. Munthu amene moyo wake wonse wadyetsa banja ndi matemba ndi milamba, kukhala pakhonde anzake akulawirira kunyanja kumamudya mkati. Musawasandutse mwana. Bwato libwerekedwe kwa wachibale wokhulupirika, koma kuwerengera nsomba ndi ndalama kukhale kwa iwo. Ukonde ukang'ambika, muuzeni wachibaleyo aubweretse kwa eni ake, asoke ali pamthunzi.

Azakhali