KAPITAO WA M'KATI MWA KOMPYUTA

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze nkhani imene yatibvuta ife a m'kagulu ka makompyuta. Ambiri mwaona kuti m'cipinda cathu ca makompyuta muli makina ena amene anaikidwa pa ngodya, nafundidwa nsaru. Ena ayesa kuti makinawo anafa. Iai, sanafe, ayaka bwino lomwe. Mlandu wao ndi ukalamba cabe, ndipo amene anawaweruza akhala kutali ndithu ndi Karonga.

Poyamba tiyenera kudziwa cinthu cimene pa Cizungu amati Operating System, pakuti popanda ico nkhani yonse siimveka. Inu amene munafikako ku minda ya mpunga ya ku Hara kapena ku Wovwe mudziwa kuti madzi a m'ngalande sayenda okha monga afunira. Pali munthu amene atsegula apa natseka apo, kuti munda uli wonse ulandire madzi pa nthawi yake. Akasowa munthu ameneyo, a kumtunda atenga madzi onse, ndipo mpunga wa a kumunsi uuma. M'kompyuta namonso muli kapitao wotere. Iye salemba kalata, sawonkhetsa masamu. Nchito yake ndiyo kugawira mapulogramu onse malo ndi nthawi yogwirira nchito, kumva cimene cala cagunda pa kiyibodi, ndi kulamula pulinta kuti isindikize. Kompyuta yopanda kapitao ndi citsulo cabe.

Tsono makapitao amenewa alipo angapo, ndipo akhala akulimbana zaka zoposa 40. M'caka ca 1981 kampani ya IBM inaturutsa kompyuta ya pa tebulo yokhala ndi kapitao wa kampani ya Microsoft, dzina lake MS-DOS, amene anangomva mau olembedwa basi. Mu 1984 a Apple anabwera ndi Macintosh, ya zithunzi ndi kambewa kolozera, ndipo mu 1985 a Microsoft anayankha ndi Windows. Windows anapambana m'maofesi a dziko lonse, makamaka cifukwa anabvomera kugwira nchito m'makina a makampani ambiri, pamene kapitao wa Apple anakhala wa makina a Apple okha, amenenso mtengo wake ndi wokwera.

Wacitatu ndiye amene andikondweretsa ine. Mu 1991 mnyamata wina wa ku Finland, Linus Torvalds, akali wophunzira ku yunivesite ya Helsinki, anayamba kulemba kapitao wakewake, namupereka kwaulere kuti ali yense amuwerenge, amukonze ndi kumugawira anzake. Ameneyo ndiye Linux. Pambuyo pake, mu 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa anakonza mtundu wa Linux wosabvuta kwa anthu wamba, naupatsa dzina lakuti Ubuntu, liu limene lifanana ndi lathu lija lakuti umunthu.

Pamene akuluakuluwa anali kulimbirana matebulo a m'maofesi, nkhondo inasamuka mwakacetecete, niilowa m'matumba a anthu. Mu 2008 inaturuka foni yoyamba ya Android, ndipo Android anamangidwa pa maziko a Linux yemweyo. Pitani ku msika wa pa Boma kapena ku cipata ca Songwe, muone mafoni a Tecno ndi Itel amene anthu agula: amene ali ndi galasi logunda ndi cala, pafupifupi onse ndi a Android. A Microsoft anayesa kulowa nao malonda amenewa, mpaka anagula mbali ya mafoni ya kampani ya Nokia mu 2014, koma analephera, nazisiya. Azakhali anga amene agulitsa mpunga wa kilombero sanagwirepo kambewa ka kompyuta cibadwire, koma tsiku ndi tsiku amva mitengo ya ku Mzuzu ndi kulandira ndalama pa foni. Kompyuta yao ndi imeneyo. Ndiponso kuyambira 2023 Boma linayamba kugawa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulaimale, m'nchito ya BEFIT, kotero kuti ang'ono athu ambiri adzadziwa kugunda galasi asanaone kiyibodi.

Kodi tsono kompyuta ya pa tebulo yatha nchito? Ine ndikana. Yesani kulemba cimangirizo ca masamba asanu pa foni, kapena kuwerengera ndalama za sitoro za caka conse, mudzaona zala zikukana. Ndipo mapulogramu onse a m'mafoniwo alembedwa ndi anthu okhala pa kompyuta. Wa foni yekha adya zophikidwa ndi ena, koma wofuna kuphunzira kuphika ayenera kulowa m'khicini. Cipinda cathu cija ndiyo khicini imene tiri nayo.

Apa ndi pamene pagona bvuto lathu. Pa 14 October 2025 a Microsoft analeka kusamalira Windows 10 monga anali kucitira kale. Kunena kwake ndi kwakuti mipata imene akuba ndi mavairasi apeza siitsekedwanso, kupatula kwa amene alowa m'pangano lapadera la kanthawi. Windows 11, amene anaturuka mu 2021, salowa m'makina ali onse, pakuti afuna kacipangizo ka citetezo kamene amati TPM 2.0, ndi ubongo wa makina wa zaka za posacedwapa. Makina athu aja anabwera ngati mphatso atagwira kale nchito kwina, ndipo alibe zimenezi. Ife kuno, kumene fulashi imodzi iyenda m'makina khumi pa tsiku, kucokera kojambulitsa mapepala kufikira kwa woika nyimbo, mavairasi tiwadziwa bwino. Mnzanga wina anataya nchito yake yonse ya teremu cifukwa ca iwo, ndipo analira ngati mwana.

Cimene cinatilimbitsa mtima ndi nkhani ya kwathu konkuno ku Malawi, imene aphunzitsi athu anatisimbira. Ca m'ma 2001, ku cipatala cacikuru ca ku Lilongwe, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anafuna makina olembera maina a odwala, koma ndalama zinali zocepa. Anatenga timakina totsika mtengo ta i-Opener, timene malonda ake anali atagwa ku America, natiika galasi logunda ndi cala, ndipo pambuyo pake anatipatsa mapulogramu aulere oyenda pa Linux. Timakina timene eni ake anatitaya tinathandiza akalaliki a cipatala kulemba odwala msanga, ndipo m'zaka zotsatira njira imeneyi inafalikira ku zipatala zina zambiri, makamaka kumene anthu alandira mankhwala a ma ARV.

Titamva zimenezi tinapempha cilolezo, ndipo aphunzitsi anatipatsa kompyuta imodzi ya pa ngodya paja kuti tiyesere. Tinaikamo mtundu wopepuka wa Ubuntu, dzina lake Lubuntu. Sindinama, tsiku loyamba linali lowawa. Magetsi anazima nchito iri pakati, ndipo tinayambanso poyamba. Itatha, pulinta inakana kumvera kapitao watsopano mpaka madzulo a tsiku laciwiri. Koma kompyuta imene kale inali kutenga nthawi yoti munthu nkukamwa madzi ndi kubwera isanatseguke, tsopano iyaka msanga, ndipo muli LibreOffice, pulogramu yolembera ndi yowerengera, imene sitinalipire ngakhale tambala.

Si onse anakondwa. Mnzanga wa Fomu 4 anandifunsa kuti, "Iwe, mabuku athu aonetsa zithunzi za Word ndi Excel, ndipo ku maofesi adzatifunsa zomwezo. Ufuna tikalephere mayeso cifukwa ca Linux wakoyo?" Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo sindinathe kuliyankha pomwepo. Nditaganiza usiku, ndinaona kuti bvuto lathu ambiri ndi lakuti tiloweza malo a mabatani m'malo modziwa cimene batani licita. Wodziwa kupalasa bwato la ku Ngara sasokonezeka akakwera la ku Chilumba. Komabe mnzangayo sanalakwe konse, cifukwa nthawi ya mayeso si nthawi yofunafuna batani.

Cifukwa cake ife a m'kagulu tapempha Ahedi zinthu ziwiri. Makina atsopano ocepa aja akhale ndi Windows, ndipo a Fomu 4 ayambe ndiwo kuwagwiritsa nchito. Koma a pa ngodya aja asagulitsidwe ngati zitsulo zakutha, atipatse ife tiwaikemo Linux, kuti a Fomu 1 ndi a Fomu 2, amene tsopano akhala atatu kapena anai pa kompyuta imodzi, ali yense apeze kiyibodi yakeyake. Ahedi anati adzayankha akakambirana ndi komiti ya sukulu.

Kufikira tsiku limenelo, kompyuta yathu yoyesera iri pafupi ndi zenera la kum'mawa. Ali yense wofuna kuiona abwere Lacitatu, maphunziro a masana atatha, ndipo abwere ndi fulashi yake kuti tione ngati kalata yolembedwa pa Word itseguka bwino.

Wophunzira wa Fomu 3