Mafunso ndi Mayankho: Pulasitiki ndi Mahomoni a M'thupi

Makalata ambiri sabata ino akukamba za pulasitiki, ndiye tisataye nthawi.

Yoyamba yachokera kwa mayi a ku Chinsapo. Akuti: "Ndinamva kuti pulasitiki imasokoneza mahomoni. N'zoona kapena akungotiopseza?"

Zikomo mayi, nkhaniyi si yopeka. Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga lokha. Timayenda m'magazi n'kumawongolera kukula kwa mwana, kutha msinkhu, msambo wa amayi komanso mphamvu yobereka ya abambo. Tsono pali mankhwala ena opangira pulasitiki amene akalowa m'thupi amasokoneza ntchito imeneyi. Amodzi ndi BPA, opezeka m'mapulasitiki ena olimba, oonekera ngati galasi, ndiponso m'kati mwa zitini zina za chakudya. Zoti BPA imachita ngati estrogen, homoni ya akazi, asayansi a ku Britain anazitulukira kalekale, m'zaka za m'ma 1930. Ena ndi ma phthalate, ofewetsera pulasitiki ya PVC. Atawayesa pa makoswe a bere, anachepetsa testosterone, homoni ya amuna, mwa tiana tatimuna. Munthu sangayesedwe chomwecho, motero asayansi akukanganabe za mlingo umene umavulaza. Maboma ena sanadikire kuti mkanganowo uthe: mu 2011 mayiko a European Union komanso South Africa analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana.

Bambo a ku Kawale akufunsa: "Tsiku lililonse ndimagula chipisi pachiwaya, amandiikira m'jumbo. Ndisiye?"

Chipisicho musasiye bambo, siyani jumboyo. Jumbo imapangidwa ndi polyethylene, ndipo BPA si gawo lake. Vuto ndi kutentha ndi mafuta. Ziwirizi zimakoka utoto ndi mankhwala ena m'pulasitiki n'kuzilowetsa m'chakudya, ndipo chipisi chongochoka pachiwaya chili nazo zonse ziwiri. Tengani mbale yachitsulo kunyumba. Achimwene apachiwaya sangakukanizeni. Amayi amene mumavundikira mpunga kapena chimanga chophika ndi jumbo mphika uli pamoto, inunso ndikukuuzani: chivundikiro chilipo, makoko a chimanga aliponso. Paja boma linaletsa majumbo opyapyala, osakwana mamaikuloni 60, mu 2015, ndipo Supreme Court inagwirizana nalo mu 2019. Chifukwa chake chinali chilengedwe, osati mahomoni, koma kwa ine ndi chifukwa chachiwiri chowataya.

Kalata yachitatu, yochokera ku Mgona, ndiyo yandikhudza kwambiri. Mtsikana akuti: "Makala akanyowa timakolezera mbaula ndi jumbo kapena mapatapata akutha. Kodi pali vuto?"

Lilipo mwanawe, ndipo likuposa onse tatchulawa. Utsi wa pulasitiki umapweteka chifuwa ndi maso nthawi yomweyo. Kuwonjezera apo, PVC ikapsa pamoto wa mbaula kapena padzala imatulutsa mankhwala otchedwa ma dioxin. BPA imatuluka ndi mkodzo pasanathe masiku awiri, koma ma dioxin amakhazikika m'mafuta a m'thupi zaka zambiri, ndipo amafika m'mkaka wa m'mawere. Zoti amasokoneza mahomoni, bungwe la WHO limanena mosabisa. Kolezani ndi zitsononkho, tizikuni touma kapena mapepala, ndipo mbaula iyambe yayaka panja musanailowetse m'nyumba.

Yomaliza ndi ya bambo a ku Area 23: "Takhala m'banja zaka zitatu popanda mphatso. Madzi timasunga m'zigubu za mafuta ophikira. Mwina ndi zimenezi?"

Pepani bambo, ndikudziwa kuti nkhaniyi imawawa. Koma zigubu zimenezo zambiri ndi za HDPE, zokhala ndi nambala 2 pansi pake, ndipo sapangira BPA. Muzizitsuka bwino, musazisiye padzuwa, ndipo chigubu chimene munali petulo kapena mankhwala a m'munda musathiremo madzi akumwa ngakhale mutachitsuka motani. Zolepheretsa kubereka zimene timaziona kawirikawiri ndi zina, monga matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino, ndipo vuto limatha kukhala kwa mwamuna kapena kwa mkazi. Musataye chaka china mukukayikira chigubu. Pitani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central Hospital akakuyezeni, ndipo mupite nonse awiri, osati kungotuma mayi okha.