Chinchilla: kanyama ka m'mapiri ozizira, ndi udindo wa wokaweta



Phunziro lathu la ulendo uno likukhudza kanyama komwe ambiri mwa ife tangokaona pa foni. Kamatchedwa chinchilla. Kamaoneka ngati gologolo wonenepa wa makutu akuluakulu, ndipo m'mayiko monga South Africa ndi Britain anthu amakaweta m'nyumba monga ife tiwetera mphaka. Ana akakaona pa TikTok kakudzigubuduza m'fumbi amayamba kuumiriza makolo, kapena achibale a ku Joni, kuti awagulire. Tisanayankhe kuti inde kapena ayi, tikadziwe kaye.

Kwawo kwa chinchilla ndi ku mapiri a Andes ku South America, makamaka m'dziko la Chile. Kali m'gulu la nyama zokukuta, ndipo ndi m'bale wa mbira imene ena timaweta kukhitchini, yomwenso inachokera ku South America komweko. Ilipo mitundu iwiri, wa mchira wautali ndi wa mchira waufupi. Wa mchira waufupiwo umakhala m'malo okwera kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Malo ake ndi ouma, a miyala, ndipo usiku kumazizira zedi. Kumeneko ndi kumene Allah anakalengera, ndipo anakapatsa chovala choyenerana ndi malowo. Pa kabowo kamodzi ka khungu la munthu pamamera tsitsi limodzi, mwina awiri kapena atatu. Pa chinchilla pamamera ubweya 50 kapena kuposerapo. A Fomu 3 ndi 4, mukamawerenga za mmene zamoyo zimayenerana ndi malo ake mu Biology, chitsanzo ndi chimenechi.

Ubweya womwewo ndi umene unakaputira tsoka. M'zaka za m'ma 1800 alenje anapha tinyamati mwaunyinji kuti atumize zikopa ku Ulaya ndi ku America, poti chikhoti chimodzi chimadya zikopa zoposa 100. Kuthengo tinatsala pang'ono kutheratu, ndipo mpaka lero mitundu yonse iwiri ili pa mndandanda wa nyama zimene zili pa chiopsezo chotha. Dziko la Chile linapatula nkhalango yotetezedwa ya Las Chinchillas pafupi ndi tawuni ya Illapel. Mu 1923, Mathias Chapman, injiniya wa migodi wa ku America, anatenga tinyama 11 kupita nato ku California kukaweta. Tambiri mwa timene tikuwetedwa m'makomo lero ndi zidzukulu za kagulu kameneko.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani: kutentha. Chinchilla satuluka thukuta, ndipo chikhoti chakecho sangachivule. Amakhala bwino m'chipinda chozizirira, cha madigiri apakati pa 15 ndi 21. Kutentha kukadutsa madigiri 25 amayamba kuvutika, ndipo kukafika cha m'ma 30 akhoza kufa tsiku lomwelo, makamaka ngati mpweya uli ndi chinyezi. Ganizirani nyumba ya malata ku Mangochi kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala, nthawi ya swala ya Zuhr. Ife timapirira chifukwa timatuluka thukuta, timamwa madzi, timathawira pansi pa mtengo wa mango. Kanyama kali m'khola kalibe kothawira. Fani sathandiza kwenikweni, poti fani amaziziritsa thupi poumitsa thukuta, pamene iko thukutalo kalibe. Chofunika ndi makina oziziritsa chipinda, ndipo magetsi akazima kwa maola angapo masana, ngozi yafika kale. Oweta amaika m'khola thailosi kapena mwala wosalala woti kazigonapo, komanso botolo la madzi oundana lokulungidwa m'nsalu, koma izi ndi zongothandizira. Mukaona makutu afiira kwambiri, kakupuma mwabefu, kakutuluka dovu, kagona chammbali osafuna kudzuka, ndiye kuti kutentha kwakagwira. Kachotseni msanga kupita nako pozizira ndipo mufune dokotala wa ziweto.

Kusamba kwake n'kodabwitsa. Sasamba madzi. Ubweya wake ndi wothithikana moti ukanyowa suuma msanga, ndipo khungu limagwira matenda onga chipere. Kwawo amadzigubuduza m'phulusa losalala la mapiri ophulika moto. Woweta amagula fumbi lapadera lopangidwira ntchitoyi, nalithira m'beseni kawiri kapena katatu pa sabata, kwa mphindi 10 mpaka 15. Mchenga wa kudambo ndi wokhakhala, ndipo phulusa la pamoto wathu si loyenera. Ophunzira ena akamva izi amaseka n'kunena kuti kanyamaka kamapanga tayammum. Nthabwala yabwino, bola tisaiwale kuti tayammum ndi ibada ya munthu yokhala ndi niya ndi malamulo ake.

Pa chakudya ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Mimba ya chinchilla inazolowera udzu wouma ndi zomera za m'malo ouma. Choncho udzu wouma waukhondo, wopanda nkhungu, uzikhala m'khola nthawi zonse, pamodzi ndi supuni imodzi kapena ziwiri patsiku za chakudya chake chogula, ndi madzi abwino m'botolo. Mtedza, nthochi, mango, mabisiketi ndi tende wa pa futari ayi. Shuga ndi mafuta zimamutupitsa mimba kapena kumutsegula m'mimba, ndipo kwa kanyama kosakwana kilogalamu imodzi matenda otere sachedwa kupha. Udzuwo ulinso ndi ntchito ina. Mano ake amakula moyo wake wonse, ndiye akapanda kukukuta zolimba amatalika mpaka kulephera kudya. Amafunika timitengo touma tosathiridwa mankhwala, monga ta mtengo wa apozi. Pulasitiki ndi mawaya a magetsi zikhale kutali, poti chilichonse chimene wapeza amakukuta. Mano a chinchilla wathanzi amakhala achikasu chopita ku olenji, choncho musadabwe nawo.

Khola likhale lalitali, la mashelefu a matabwa, chifukwa ndi katswiri wodumpha. Masana amagona, amachangamuka madzulo ndi usiku, ndiye mwana amene akufuna chosewera nacho akaweruka kusukulu adzakhumudwa. Kumugwira kumafuna ulemu: dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina kumbuyo, osafinya. Akagwidwa mwankhanza amasiya ubweya m'manja mwanu n'kuthawa, njira imene amapulumukira kwa adani kuthengo. Kwawo amakhala m'magulu, motero mmodzi yekha amasungulumwa. Oweta ambiri amasunga awiri, aakazi okhaokha kapena aamuna okhaokha, kupewa kuswana kosakonzekera. Mphaka wa pakhomo asalowe m'chipindamo.

Nanga chipembedzo chathu chikutinji? Kuweta kanyama kongosangalala nako n'kololedwa. Ma ulamaa amatenga umboni pa nkhani ya Abu Umayr, mng'ono wake wa Anas bin Malik (radhiyallahu anhu), amene anali ndi kambalame kosewera nako. Mtumiki Muhammad (swallallahu alayhi wa sallam) sanamuletse, ndipo kambalameko katafa anamufunsa za iko mwachikondi. Koma chilolezocho chili ndi katundu wake. Bukhari ndi Muslim analemba hadith ya mayi amene analowa kumoto chifukwa cha mphaka: anamutsekera, osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha, mpaka anafa. Taonani kuti mayiyo sanamenye mphakayo. Tchimo lake linali kutsekera cholengedwa n'kusachipatsa zimene moyo wake umafuna. Kwa chinchilla, mpweya wozizira uli m'gulu la zofunika zimenezo, mofanana ndi madzi. Munthu amene wamutsekera m'chipinda chotentha, ngakhale mbale ya chakudya ili yodzaza, sanakwaniritse amanah. Qur'an, mu Surah Al-An'am ndime 38, imatiuza kuti nyama ndi mbalame nazo ndi mitundu monga ife.

Palinso nkhani ya twahara. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, ndowe ndi mkodzo wa nyama ndi najisi. Chinchilla amagwetsa timanyi touma tambirimbiri paliponse pamene wadutsa. Khola lisakhale m'chipinda choswalira, ndipo akatulutsidwa kuti athamange, mswala upindidwe kaye n'kuikidwa pamwamba.

Maganizo athu ndi akuti m'madera ambiri otentha a dziko lino, banja lopanda makina oziziritsa ndi magetsi odalirika lisagule chinchilla. Amene akuganiza zoitanitsa kuchokera kunja adziwenso kuti nyama yamoyo silowa m'dziko popanda chilolezo cha boma, ndipo fumbi ndi chakudya chake ziyenera kupezeka mwezi ndi mwezi. Kanyamaka kakasamalidwa bwino kamakhala zaka 10 mpaka 20. Wophunzira wa Fomu 1 amene wagula lero adzalemba MSCE, adzapita ku koleji, mwina adzamanga nikah, iko kakadali m'khola kudikira udzu. Makolo afunse poyambirira kuti adzatsale nako ndani. Mwana amene mtima wake uli pa ziweto angayambe ndi mbira kapena kalulu, zimene chakudya chake timachidziwa ndipo alangizi a ziweto akwathu anazizolowera.

Ntchito ya a Fomu 3 ndi iyi: m'magulu a anthu anayi, bwerekani thermometer ku labotale, muyeze kutentha kwa m'kalasi mwanu m'mawa, nthawi ya Zuhr ndi nthawi ya Asr kwa masiku asanu. Lembani manambalawo m'kope, muchonge tsiku lililonse limene kutentha kwadutsa madigiri 25, ndipo mubwere nawo ku phunziro la Biology sabata yotsatira, insha Allah.