Fizi ya ku Cape Town isadye sukulu ya mlongo wako

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24 wa ku Lisasadzi, ku Kasungu. Ndinamaliza digiri ku Bunda ndipo mtima wanga uli pa maphunziro a maselo ndi DNA. Malo a masitazi ndapeza awiri. Ku University of Cape Town anditenga, koma ndalama ndizionere ndekha. Ku WACCBIP, ku University of Ghana, andilonjeza fizi ndi ndalama yodyera. Ine ndikufuna Cape Town poti ndi sukulu ya dzina. Bambo akuti agulitsa ng'ombe zangolo n'kuwonjezera ya fodya, mlongo wanga wa Fomu 3 ayamba wapuma kaye. Vuto lenileni ndi amayi a bwenzi langa. Akuti mkazi wophunzira kwambiri sasunga banja, ndiye chinkhoswe chichitike ndisanakwere ndege. Ine sindifuna kudzakalambira m'chigafa. Nditani?

Wothedwa nzeru, Lisasadzi

Mwanawe,

Apongozi tiwasiye kaye. Chandiwawa ine ndi mlongo wako, amene wangomutchula modutsa. Apume? Watopa ndi chiyani? Mnyamata akakhala pakhomo ku Kasungu amathirira nazale, amasoka fodya, amadinda mabelo pajeke, ndipo chaka chikamatha MSCE waiiwala. Iwe uli kale ndi digiri m'thumba. Kumulanda Fomu 4 kuti ukajambulitse pansi pa Table Mountain ndi dyera, ngakhale bambo ako avomere akumwetulira.

Bambowo awerengera ndi chikondi, masamu awasiya. Ng'ombe zimagulitsidwa kamodzi, pamene lendi ya ku Cape Town imabwera mwezi ndi mwezi, m'marandi, kwa zaka ziwiri. Fodya ku Chinkhoma amagulidwa m'madola, inde, koma akadula ngongole ya feteleza, ya thiransipoti ndi malipiro a aganyu chimatsala n'chiyani? Waiwala kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo wako ali ku Accra.

Za dzinazi undimvetse. M'maphunziro ako amene amakupanga munthu ndi labu ndi supavaiza. Mankhwala a PCR ndi odula, ambiri amaitanitsidwa kunja, ndipo wophunzira wolowa m'labu yopanda ndalama ya kafukufuku amatha miyezi akudikira kabotolo kamodzi. Choncho lembera mphunzitsi amene adzakuyang'anire, mbali zonse ziwiri. Umufunse kuti kafukufuku wako alipira ndani, ophunzira ake apitawa anamaliza m'zaka zingati, ndipo mayina awo alipo pa mapepala amene iye anasindikiza. Magetsi akazima, firiji ya -80 imatani? Kenako usake ophunzira akewo pa WhatsApp, iwowo ndi amene sabisa mawu. Mphunzitsiyo akakhala munthu wotha mwezi osayankha imelo usanafike, ukafika ndiye udzamuona?

Ghana usaipeputse chifukwa choti ku Lisasadzi saitchula. WACCBIP ntchito yake ndi yomwe ukuifunayo, kufufuza m'maselo mmene tizilombo ta matenda, monga ta malungo, timagwirira thupi. Ukabwerako ndi luso limenelo ukhoza kugogoda ku KUHeS kapena ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, kumene amalimbana ndi malungo, taifodi ndi TB. Poliyo atapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, kachilomboko anakakatsimikizira ku South Africa ndi ku America. Manja ngati ako akufunika kuno. Cape Town ndi sukulu yabwino ndithu, ndipo siithawa: udzapiteko pa PhD, ena akulipira.

Tsono chigafa wachinyozacho. Kodi ku Bunda sanakuuze kuti vairasi yoyamba kudziwika padziko inapezeka m'tsamba la fodya? Mu 1892 Dmitri Ivanovsky anasefa madzi a masamba odwala mawangamawanga, n'kuona kuti chodwalitsacho chikudutsa pa sefa imene mabakiteriya sadutsa. Mu 1898 Martinus Beijerinck ku Delft anasonyeza kuti chimachulukana m'tsamba lamoyo lokha. Sayansi yako inakulira pa tsamba limene amayi ako amasoka mpaka zala kuda, ndipo ofufuza za fodya a ku ARET ali kalikiliki ndi matenda ake mpaka lero. Chigafa chimenecho ndi chimene chinakufikitsa ku Bunda. Uchitchule mwaulemu.

Apongoziwo sukwatiwa ndi iwo. Chodabwitsa n'chakuti m'kalata yonse mwana wawo sanatsegule pakamwa. Iyeyo akuti chiyani? Umufunse pamaso, amayi ake palibe. Akati adikira, atsibweni ako akumane ndi a kwawo, agwirizane chaka. Akayamba zoti "amayi akuti", wadziwiratu amene adzayendetse nyumba yako. Chinkhoswe chochitika ndi mantha oti mtsikana athawa ine sindivinako.

Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi kalata ya kunja, musanathamangire kukhola mufunseni kuti: kodi kumeneko akulipirira ndani? Mwana wanu akapita kukagwira kafukufuku m'labu ya eni, ndalama ichoke kwa eni labuwo. Ng'ombe zisiyeni pagoli, mnyamatayo akalembetse mayeso.

Azakhali